Musathamangire kufomata hard disk ya kompyuta yakale

Kompyuta ya masiku ano mukaiikira hard disk, hard diskyo imadzinenera yokha: dzina, kukula, zonse zimaoneka pa sikirini inu musanafunse. Za m'zaka za m'ma 1980 sizinkadziwa kanthu za izo zokha. Manambala ofotokoza mmene hard disk inapangidwira ankasungidwa kwina, pa khadi loiyendetsa, pa motherboard modalira kabatire, kapena m'kope la mmisiri amene anaiika. Chimodzi mwa izi chikasokonekera, kompyuta inkachita ngati mulibe hard disk, chonsecho mafayilo ali phee m'katimo.

Ntchitoyi ndinaiphunzira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa kashopu kena ku Limbe, kamene poyamba kankakonza mataipi ndi makina ena a mu ofesi. Makompyuta ambiri amene ankatipeza anali atagwira kale ntchito ku Ulaya kapena ku America, n'kudzaperekedwa ku zipatala za mishoni, masukulu ndi mabungwe. Anzathu kunjako anali atasamukira ku makompyuta atsopano a 386 ndi 486, ife tikulimbana ndi akale, ma XT ndi ma 286, opanda mabuku ake. Makina otere adakalipo m'zipinda zosungiramo katundu m'maparishi ndi m'maofesi, ndipo ena muli kaundula wa ubatizo, wa odwala kapena wa malipiro wolembedwa m'mapulogalamu a dBASE, Lotus 1-2-3 kapena WordPerfect 5.1. Wachinyamata wodziwa makompyuta a lero akaitanidwa, dzanja limathamangira kufomata, kumene kumafufuta zonse za m'katimo. Koma pa ma hard disk amene eni ake ankabwera nawo akuti afa, ochuluka anali amoyo.

Imene tinkakumana nayo kawirikawiri inali Seagate ST-225 ya 20 MB. Ili ndi ma cylinder 615, kutanthauza mizere yozungulira 615 pa mbali iliyonse ya timbale ta m'katimo, timitu towerenga 4, ndipo mzere uliwonse umadulidwa zigawo 17, ma sector, a ma byte 512. Mukachulukitsa manambala amenewa mupeza ma byte opitirira pang'ono 21 miliyoni. Mkulu wake, ST-251 ya 40 MB, ndi 820, 6 ndi 17. Musanakhudze china chilichonse, vundukulani bokosi, werengani dzina la hard disk ndi la khadi limene yalumikizidwako, mulembe pa pepala. Pamwamba pa hard disk pamakhalanso kapepala komata kolembedwa malo amene anapezeka oipa ku fakitale, cylinder yakuti ndi mutu wakuti. Kajambuleni kameneko, kadzafunika.

Za magetsi sindichulukitsa. Kumbuyo kwa bokosi kuli kaswichi ka 115 ndi 230. Makina ochokera ku America amabwera kali pa 115, ndipo mukawalumikiza ku magetsi athu osakasintha mumva phokoso limodzi ndi fungo, basi. Mukayatsa bwino, tcherani khutu. Hard disk yamoyo imayamba kulira pang'onopang'ono mpaka kufika liwiro lake la maulendo 3,600 pa mphindi, kenako timitu timagogoda pang'ono pofuna mzere woyamba. Ikangoti zii, n'kutheka kuti timitu tamatirira pa timbale chifukwa chokhalitsa osayatsidwa. Zimitsani, itulutseni, muigwire chogoneka m'manja n'kuipotokola msanga kumanja ndi kumanzere. Osaimenya. Ikadzuka mwa njira imeneyi, musaizimitsenso mpaka mutachotsamo zimene mukufuna, chifukwa mawa ikhoza kukana.

Ma hard disk a mtundu wa MFM, monga ST-225 ndi ST-251, amayendera zingwe ziwiri zaphanthiphanthi, chachikulu cha mawaya 34 chopereka malamulo ndi chaching'ono cha mawaya 20 chodutsamo zolembedwa. Waya wofiira wa m'mphepete amapita pa pini 1 mbali zonse ziwiri. Msampha uli pa chingwe chachikulucho: chimafanana ndi cha disiketi, nachonso ndi cha mawaya 34 ndipo chimalowa bwinobwino. Kusiyana kwake kuli pamene mawaya anapotoledwa. Cha disiketi amapotola mawaya 10 mpaka 16, kufupi ndi waya wofiira; cha hard disk amapotola 25 mpaka 29, kutali ndi wofiirayo. M'bokosi la zingwe zosakanikirana munthu amangotola chimene chili pamwamba, kenako n'kutha tsiku lathunthu akukayikira khadi. Palinso kajumper ka kumbuyo kosankha kuti hard disk iyankhe ngati yoyamba kapena yachiwiri, ndi ka resistor kotsekera kamene kayenera kukhala pa hard disk ya kumapeto kwa chingwe yokha. Pa XT mavuto onsewa amatuluka ndi nambala imodzi, 1701. Nambalayi sikuuzani chimene chavuta, ingonena kuti khadi ndi hard disk sizikumvana. Ine ndikaiona ndinkayamba ndi kuzula khadi, kupukuta mano ake ndi labala ya pensulo, kulibwezera mwamphamvu, n'kuzulanso zingwe zonse ndi kuzibwezera. Dzimbiri la nyengo ya mvula ndi fumbi la m'chilimwe zinkachititsa 1701 kuposa kuwonongeka kwenikweni.

Pa 286 ndi pamene pankagwa misozi yopanda chifukwa. Kuyambira pa IBM AT ya 1984, mtundu wa hard disk unkasungidwa mu CMOS, kachipangizo ka pa motherboard kamene kamakumbukira pokhapokha batire likakhala ndi moto. Mayi wina wosunga mabuku a ndalama pa sukulu ina anafika pashopu Januwale wina atanyamula kompyuta pa chitenje. Anali ataitseka pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo poyatsa inangofuna disiketi.

"Achimwene, mafizi a ana onse ali mmenemu. Akulu a sukulu ndikawauza chiyani?"

Abwana anga anangoyang'ana tsiku limene kompyutayo inkaonetsa, 1 Januwale 1980, n'kunena kuti, "Khalani pansi, mayi, zinthu zanu zilipo. Iwe, werenga dzina la hard disk."

Inali ST-225. Tinalowa mu setup, posinthira za mu CMOS, n'kusankha Type 2, yomwe ndi 615, 4 ndi 17, ndipo C:, dzina la hard disk pa sikirini, inabwerera ndi zonse. Tinasintha batire, mayiwo n'kumapita. Tsiku lobwerera ku 1980 ndi chizindikiro chodalirika kuti batire latha. Dziwaninso kuti ma 286 ena salowa mu setup ndi batani la Del monga munazolowera. IBM AT yeniyeni imafuna disiketi yake ya setup, ena amafuna Ctrl, Alt ndi Esc pamodzi. Pa ma motherboard ena batire linabisidwa m'kati mwa kabokosi kakuda kolembedwa Dallas DS1287, ndiye musadabwe mukalisowa.

Mndandanda wa mitundu mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yodzutsa kompyuta, poyamba unali waufupi, 1 mpaka 14, ndipo hard disk yanu ikasowapo munkasankha yoyandikira. Lamulo lake linali lakuti timitu tifanane, koma ma cylinder asapitirire amene hard disk ili nawo, apo ayi timitu timakagunda kumapeto ndi phokoso loopsa. Motero ST-251 yambiri inkayenda ngati Type 3, ya 615 ndi 6, mwini wake n'kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a malo amene anagula. Ma BIOS a AMI atabwera ndi Type 47, yolola kulemba manambala anu, vutoli linatha.

Kufomata kumene anthu amakutchula ngati chinthu chimodzi kunali ntchito zitatu zotsatana, ndipo munda ndi umene umazifotokoza bwino: low-level format ndi kuunga mizere pa nthaka yosalima, FDISK ndi kuika malire a munda wa uyu ndi wa uyu, FORMAT ndi kulemba m'kaundula kuti mzere uti mwabzala chiyani. Uthenga umene kompyuta yakupatsani umasonyeza kuti vuto lili pa ntchito iti mwa zitatuzi, ndipo palibe chifukwa chogumula mizere pamene chasowa ndi kaundula chabe.

Pa XT, pulogalamu ya low-level format imakhala pa khadi lenilenilo. Mumayatsa ndi disiketi ya DOS, pulogalamu yoyendetsa makompyuta a nthawiyo, kulemba DEBUG, ndipo pakatuluka kamzere mumalemba G=C800:5 ngati khadi ndi la Western Digital. La Adaptec limafuna G=C800:CCC, la OMTI G=C800:6. Pa 286 makhadi ambiri, monga WD1003, alibe pulogalamu imeneyi, choncho DEBUG ingoumitsa kompyuta. Pamenepo mumagwiritsa ntchito Hard Disk Utility ya mu BIOS ya AMI, kapena Disk Manager ya Ontrack, kapena SpeedStor. Ikakufunsani malo oipa, lembani onse a pa kapepala kaja ngakhale zikutopetseni. Malo amenewo nthawi zina amapambana mayeso lero, n'kudzameza fayilo pakatha miyezi itatu.

Pulogalamuyo ikufunsaninso interleave, kutalikirana kwa ma sector otsatana pa mzere, ndipo apa amisiri ambiri ankangodina Enter. Khadi lochedwa likawerenga sector 1, limafuna kanthawi kuti liipereke kwa kompyuta, pamene mbale ikupitirira kuzungulira. Sector 2 ikakhala pafupi kwambiri imadutsa khadi lisanakonzeke, ndiye liyenera kudikira ulendo wathunthu. Potero mzere wa ma sector 17 umafuna maulendo 17, ndipo liwiro limatsika kufika pafupifupi 30 KB pa sekondi. Mukatalikitsa ma sector kuti khadi lizipeza wotsatira ali pafupi kufika, mzere womwewo umawerengeka m'maulendo atatu kapena anayi. IBM inaika 6 pa XT ndi 3 pa AT. Kulakwitsa mokweza nambala kumachedwetsa pang'ono. Kulakwitsa motsitsa kumachedwetsa koopsa. Kompyuta imene inkatenga nthawi yomwera tiyi kuti itsegule WordPerfect, kawirikawiri nkhani inali imeneyi, ndipo mwini wake anali atauzidwa kale kuti agule ina.

Chimene mabuku a kunja ankangochitchula modutsa koma kwathu kuno chinali chachikulu ndi kutentha. Ma hard disk ngati ST-225 amasuntha timitu ndi stepper motor, yomwe imayenda masitepe owerengeka osaona ngati yafikadi pa mzere. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, mizere n'kusuntha pang'ono, koma kamotako kamaponda pomwe kanazolowera. Kunabwera kompyuta ina kuchokera ku ofesi ya ku chigwa cha Shire, cha mu Okutobala. M'mawa inkagwira bwino, koma dzuwa likafika pamutu inkayamba "Sector not found reading drive C" ndi funso lija la "Abort, Retry, Fail". Pashopu pathu inakana kulakwa, mpaka abwana anga anaiphimba ndi bulangete kwa kanthawi kuti itenthe, vuto n'kutulukira. Amene anaiika anaifomata itangoyatsidwa kumene, m'chipinda chozizira, isanapite kotenthako. Tinakopera zonse m'madisiketi m'mawa kudakali kozizira, n'kuisiya ikuyenda mpaka itafunda bwino, kenako low-level format. Kuyambira pamenepo hard disk iliyonse tinkaisiya iyende pafupifupi ola tisanaifomate, itamangidwa kale m'bokosi lake ndiponso itakhala mmene izidzakhalira pa desiki, chogoneka kapena choimirira, pakuti kulemera kwa timitu nakonso kumasuntha mzere. Zosiyana nazo zimachitikanso: kompyuta yokana kudzuka m'mawa wa Juni ku Dedza, koma yovomera ikayaka mphindi makumi awiri n'kuidina reset. Mukapeza yotere, ipatseni nthawi ifunde musanaiweruze. Pulogalamu ya SpinRite ya Steve Gibson, imene inatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inkatha kulembanso mizere imeneyi popanda kufufuta mafayilo, ndiponso kupeza interleave yoyenera. Disiketi yake tinkaisunga m'kabati yokhoma.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritse kwambiri ndi iyi: hard disk ya MFM ndi khadi limene linaifomata n'zosalekanitsika. Kampani iliyonse inkalemba zizindikiro za ma sector mwa njira yake, motero hard disk yochotsedwa pa khadi lina n'kuikidwa pa lina imaoneka ngati yopanda kanthu. Munthu amati, "Kompyutayi yafa, ndingochotsa hard disk ndikaiwerengere kwina," n'kutaya bokosi ndi khadi lomwe. Akatero wataya kiyi. Motherboard ikafa, samutsani hard disk, khadi ndi zingwe zake zonse pamodzi.

Panalinso chinyengo china chimene chinkakopa. Makhadi a RLL amalemba ma sector 26 pa mzere m'malo mwa 17, choncho ST-225 ya 20 MB ikaikidwa pa khadi lotere imaonetsa malo opitirira 30 MB. Zingwe n'zofanana, zonse zimalowa, ndipo sabata zoyambirira zimayenda. Koma Seagate inali ndi ST-238R yoyesedwera ntchito imeneyo, ndipo ST-225 wamba sinalonjezedwe kupirira kuthinana kotero. Ogulitsa ena ankachita dala kuti agulitse 20 ngati 30. Ine sindinkavomera, ngakhale kasitomala achonderere.

Za FDISK, vuto lalikulu linali malire a 32 MB. MS-DOS 3.3 ya 1987 siitha kuona gawo loposa pamenepo, n'chifukwa chake hard disk ya 40 MB inkagawidwa C: ya 32 ndi D: ya zotsalazo. DOS 4.0 ya 1988 inachotsa malirewo. Zotsatira zake n'zimene zimapusitsa anthu mpaka lero: mukayatsa ndi disiketi ya DOS 3.3 kompyuta imene inakonzedwa ndi DOS 5 pa gawo lalikulu, kulemba C: kumakupatsani "Invalid drive specification", ndipo FDISK imati gawolo ndi Non-DOS. Palibe chawonongeka. Pezani disiketi ya DOS 5 kapena 6.22 muyesenso. Mukaona "NO ROM BASIC, SYSTEM HALTED", nthawi zambiri ndiye kuti palibe gawo limene linasankhidwa kukhala active, ndiye kuti loyatsira, ndipo njira yachiwiri pa mndandanda wa FDISK imakonza zimenezo osafufuta kanthu. "Non-System disk or disk error" imafuna muyambe mwaona ngati simunaiwale disiketi m'kati. Ngati mulibe, SYS C: yochokera pa disiketi ya DOS yofanana ndi ya pa hard disk imabwezera mafayilo oyatsira. Pa hard disk yatsopano, mukamaliza FDISK muyatsenso kompyuta kaye, kenako FORMAT C: /S. Uthenga umene unkandidetsa nkhawa ndi "Track 0 bad", pakuti pamenepo ndi pamene DOS imasunga kaundula wake, ngakhale nawonso nthawi zina unkatha ndi low-level format yochitika bwino.

Madisiketi oyendayenda ankabweretsa ma virus a pa boot sector, sector yoyamba imene kompyuta imayatsira, monga Stoned ndi Michelangelo, uja wofufuta chiyambi cha hard disk pa 6 Malichi. Disiketi yanu yoyatsira ikhale yotsekedwa kuti isalembedwe: ya mainchesi 5.25 mumamata kapepala pa kampata ka m'mbali, ya 3.5 mumatsegula kazenera ka pakona. Lamulo la FDISK /MBR, lomwe linayamba ndi DOS 5, limachotsa ena mwa ma virus amenewa, koma si mankhwala a chilichonse. Virus wotchedwa Monkey amabisa ndi kusokoneza tebulo la magawo, ndipo mukamuchotsa mwa njira imeneyi mumatsala ndi hard disk yosawerengeka. Yesani kaye: yatsani ndi disiketi yoyera, mulembe DIR C:. Mafayilo akapanda kuoneka, musayerekeze FDISK /MBR.

Ma hard disk a mtundu wa IDE atafika, ntchito inapepuka. Chingwe n'chimodzi cha mawaya 40, khadi loyendetsa linasamukira pa hard disk pomwepo, ndipo low-level format inasanduka ntchito ya ku fakitale; musaichite pa IDE ngakhale BIOS ikupatseni mwayiwo. Chingwe chikalowa chozondoka sikirini imangokhala bii, ndipo kuchitembenuza kumakwanira. Ziwiri pa chingwe chimodzi zimafuna ina ikhale master, ina slave, ndipo zina za makampani osiyana zinkangokanirana mpaka mutazisinthanitsa maudindo. Komabe nkhani ya manambala sinathe. IDE nthawi zambiri imavomera manambala alionse amene mwaipatsa mu CMOS bola asapitirire kukula kwake, n'kumamasulira yokha m'kati. Ndiye ngati woiika analemba ake mu Type 47, batire n'kutha, inu n'kudina auto detect, mupeza manambala olondola a ku fakitale koma osiyana ndi amene mafayilo analembedwera. Zotsatira zake ndi "Missing operating system", kapena mayina a mafayilo osanduka zilembo zosamveka. Musalembemo chilichonse ikakhala choncho, ngakhale CHKDSK /F yokonzera mafayilo, chifukwa ikonza zimene sizinawonongeke. Tsegulani tebulo la magawo ndi Disk Editor ya Norton Utilities muone pamene gawo likuthera: nambala ya sector yomalizira ndiyo ma sector a pa mzere, ndipo nambala ya mutu womalizira mukaonjezerapo 1 ndiyo timitu. Lembani amenewo mu CMOS. N'chifukwa cha mavuto otere ife tinkalemba manambala ndi cholembera chosafufutika m'kati mwa chivundikiro cha kompyuta iliyonse yotuluka pashopu, choncho suzumiranimo, mwina mmisiri wa kwanuko ankachitanso chimodzimodzi.

BIOS ya 386 ndi 486 yopangidwa isanafike 1994 siiona kupitirira 528 MB pa IDE, chifukwa cha malire a ma cylinder 1,024, timitu 16 ndi ma sector 63. Njira yozembera inali kuika Disk Manager kapena EZ-Drive, kapulogalamu kamene kamakhala pa sector yoyamba n'kudzuka DOS isanadzuke. Mukayatsa ndi disiketi mwachindunji, kapulogalamuko kamadumphidwa ndipo C: imasowa kapena kuoneka yosokonezeka. Yang'anani pa sikirini poyatsa: kamalemba dzina lake n'kukuuzani batani loti mudine ngati mukufuna kuyatsira pa disiketi. FDISK /MBR pa hard disk yotere imafufuta kapulogalamuko.

Mukaipeza C: ndi mafayilo ake, tulutsani zinthu tsiku lomwelo. Mafayilo a nthawi imeneyo ndi aang'ono, kaundula wa zaka zambiri amakwana pa madisiketi ochepa a 1.44 MB. Ngati makinawo ali ndi disiketi ya 360 KB yokha, lumikizani makompyuta awiri ndi chingwe cha serial kapena cha parallel mugwiritse ntchito LapLink, kapena INTERLNK imene inabwera ndi DOS 6.0 mu 1993. Koperani mafayilo a DBF (a dBASE), WK1 (a Lotus) ndi a WordPerfect poyamba, mapulogalamu pambuyo. LibreOffice ya lero imatsegula mitundu itatu yonseyi.

Ngati makinawo ayenera kunyamulidwa, ma hard disk a stepper motor ambiri, kuphatikizapo ST-225, sachotsa okha timitu pamwamba pa zolembedwa akazima. Lembani PARK, kapena SHIPDISK pa makina a IBM, mudikire uthenga, ndiye muzimitse. Pa msewu wafumbi kompyuta ikhale pa mpando kapena pamiyendo, osati kumbuyo kwa lole. Ndipo pa motherboard ya 386 kapena 486 yang'anani pafupi ndi polowera kiyibodi: pakakhala kabatire kooneka ngati kamgolo komatidwa ndi mtovu, kaduleni ndi pulayala lero lomwe mutalemba kaye manambala a mu CMOS, chifukwa kakatha kamatulutsa madzi amene amadya tinjira ta kopa pa bolodi.